Magazi a Wodula Makiyi

6 Febuluwale

Wokondedwa mng'ono wanga Mzime,

Landira moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, alamu ndi amayi. Bondo la amayi likuti bwanji masiku ano? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa kuno sindinakuzolowere mpaka lero. Undikhululukire chifukwa chokhala chete nthawi yonseyi.

Andisintha malo a ntchito. Ndikadali pachipatala pomwe paja, koma tsopano ndikukolopa kumbali yojambulira ubongo. Kuli chimakina chachikulu ngati mgolo wogonekedwa. Munthu amamugoneka pa kabedi n'kumulowetsa mutu, ndiye chimayamba phokoso ngati amisiri khumi akukhoma malata. Chili ndi maginito amphamvu moti chitsulo chilichonse sichilowa m'chipindamo. Ndowa yanga ndi ya pulasitiki. M'mawa uliwonse ndimavula kiyi uja wa kanyenyezi amene ndimavala m'khosi, n'kumusiya m'kabati. Tsiku loyamba ndinamva ngati ndalowa ndili mbulanda.

Ndikamamuvula ndimakumbukira shopu yathu. Iwe unali khanda, sungakumbuke. Abambo ankatsegula zenera la matabwa lija, dzuwa n'kugwera pa makiyi osadula atapachikidwa pa misomali mzere mzere. Fumbi la mkuwa linkawala pa maondo awo. Kiyi aliyense asanamudule ankamudinda kanyenyezi, uku akuimba likhweru, ndipo ankati munthu asamachite manyazi ndi ntchito ya manja ake. Ine ankandiimika pa bokosi kuti ndifike pa chopanira, n'kumaseka mmene ndinkagwirira tupa ndi dzanja lamanzere. Dzina loti Namanzere linachokera pamenepo. Fungo la mafuta a maloko ndimalimva mpaka pano, ngakhale kuno kumene zitseko zimatsegulidwa ndi makadi.

Tsono chimene ndalembera ndi ichi. Lachiwiri lililonse amabwera ndi akaidi kudzawajambula. Pali dokotala wina wamtali, waulemu, amene akufufuza chimene chimachititsa munthu kumangopalamula. Ndinamumva akufotokozera ophunzira ake kuti kuseri kwa mphumi kuli mbali ya ubongo imene imagwira ntchito ngati mabuleki, ndipo anthu ena mabuleki awo amakhala ofooka, mwina zochita kutengera kumtundu. Mzime, ndinaima chilili ndi chokolopera m'manja. Abambo anakhala kundende zaka zinayi chifukwa cha kiyi. Mlongo wathu, amene mumsewu amangomuti Waya, ali komweko kachitatu chifukwa chothyola nyumba. Kodi zimenezi zinangochitika?

Ndikupempha ufunse amayi, koma mwanzeru. Kwa abambo ndi kwa amayi komwe, analipo ndani wakuba, wandewu, kapena wolowapo ndende? Undilembere onse, ngakhale akufa. Undiuzenso za mlongo wathu, akutuluka liti?

Ndimakupemphererani tsiku ndi tsiku.

Ine mkulu wako,
Namanzere


27 Febuluwale

Achemwali,

Kalata yanu yafika, zikomo. Tonse tili bwino. Bondo la amayi limadziwa za mvula kuposa wailesi. Amuna anga, alamu anu, akupereka moni. Mimba yawo ikungokula, anthu akufunsa kuti tiyembekezere mwezi uti.

Koma achemwali, chaka chathunthu osalemba, kalata yoyamba n'kukhala kalembera wa mbava? Chabwino, ndinafunsa monga munanenera, tikuyanika zovala. Nawu mndandanda wanu. Agogo aamuna mlandu wawo unali kugona m'tchalitchi. Amalume awo a abambo anamenyapo galu wa neba, galuyo n'kuwaluma, mlandu unathera pomwepo. Azakhali ankabwereka mbale osabweza. Ngati zimenezo zimayenda m'magazi ndiye ine ndadwala kale, chifukwa poto wa akazi a telala ali kwathu chaka chachiwiri.

Amayi ankaseka pofotokoza zonsezi. Koma nditati, "Nanga abambo, zinayamba bwanji kuti afike podula kiyi wa akuba?" anangosiya chovala m'beseni. Anati, "Amene akufunsayo adzandifunse yekha." Analowa m'nyumba. Ndiye musadzanditumenso zotere.

Nkhani yabwino ndi yakuti achimwene akutuluka pa 14 Ogasiti. Mlamu wathu, mkazi wawo, wapaka kale laimu m'chipinda chakuseri. Mwana wawo wakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo akuwasungira makope ake onse kuti adzaone mmene akukhozera masamu. Amayi anandiuza kuti ndiwadulire kiyi wa chitseko chakumbuyo. Ndadula, ndamupachika pa msomali woyamba, pamene abambo ankapachika chipewa.

Ine maganizo anga ndi oti adzagwire nane ntchito mushopu. Tsiku lililonse kumabwera anthu otaya makiyi, ena mwana wadzitsekera m'bafa, ine n'kumatuluka thukuta ola lathunthu. Achimwene loko wotero amamutsegula asanamalize kupereka moni. Luso lomwelo, kungoti nthawi ino mwini nyumba ataima pomwepo.

Pomaliza, lamba wa makina odulira waduka, ndipo kuno sakupezeka. Ndalemba nambala yake kuseri kwa pepalali. Panopa ndikudula ndi tupa ngati nthawi ya abambo, manja achita matuza. Chonde tithandizeni, m'malo motiwerenga mitu.

Ndine wanu,
Mzime


15 Malichi

Wokondedwa mlongo wanga,

Moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji kumeneko? Akukupatsani zofunda zokwanira? Chifuwa chija chinasiya? Mzime wandiuza kuti ukutuluka mu Ogasiti, ndipo ndagwada kuthokoza.

Ndikudziwa kuti sindinakulemberepo chilowere kumeneko. Sikuti ndinakutaya. Ndikatenga cholembera ndimaona kamnyamata ka zaka zisanu ndi zitatu kamene ndinkakasambitsa m'beseni kuseri kwa shopu, kakulira kuti sopo walowa m'maso. Ukukumbukira abambo atakupangira galimoto ya maloko akutha, mateyala ake a zitsekerero za mabotolo? Unagona nayo sabata yathunthu. Ndikakumbukira zimenezo mawu amandithawa.

Lero ndili ndi mawu amene ndikuganiza kuti akupepuza mtima. Kuntchito kwanga kuli madokotala amene amajambula ubongo wa anthu opalamula. Akuti mu ubongo, cha kutsogolo kuno, muli mabuleki amene amamuuza munthu kuti "ima, usachite". Akuti ena amabadwa mabulekiwo ali ofooka, ndipo zimatha kuyenda m'banja monga mmene umayendera msinkhu kapena dazi. Ndaona ndi maso anga zithunzi zake pakompyuta, mbali ina yowala, ina yakuda.

Ndiye mlongo wanga, usamadzide kwambiri. Anthu akunena zambiri, abusa anakudzudzula, amayi analira. Koma ngati unabadwa choncho, ngati unatengera, mlandu suli pa iwe wekha. Galimoto yopanda mabuleki ikagunda mpanda sitiimenya. Ine zimenezi zanditonthoza kwambiri, kuposa mmene ungaganizire, ndipo ndinati nawenso umve.

Ndatumiza masokosi awiri ndi sopo, ngati angakupatse. Undiyankhe, ngakhale mizere iwiri.

Ine mlongo wako,
Namanzere


20 Epulo

Achemwali,

Moni. Ndili bwino. Chifuwa chinasiya. Masokosi ndalandira amodzi, enawo akuvala woyang'anira wathu, ndipo akuti muli ndi diso posankha.

Kalata yanu ndaimva. Zikomo pondiuza zoona. Palibe anandiuzapo mosabisa chonchi.

Abambo atangomangidwa, pensulo ikasowa m'kalasi aphunzitsi ankayamba ndi chikwama changa. Ankati, "Tiyambe ndi mwana wa wodula makiyi, tisataye nthawi." Anzanga ankaseka. Chaka choyamba ndinkalira. Chaka chachiwiri ndinatsegula kabati ya aphunzitsiwo ndi waya, osatengamo kanthu, kungofuna aone kuti akunena zoona. Dzina langa linayambira pamenepo. Nthawi yonseyi ndinkati mwina anthu ndi amene anandikankha. Ndinkati tsiku lina ndidzakhala pamalo pamene palibe ondikankha, ndidzakhala munthu. Ulendo uno ndinali nditatsimikiza. Ndinkawerenga masiku.

Tsopano mwandiuza kuti ndi magazi, ndipo madokotala aona ndi makina. Ndiye ndapuma. Munthu sasamba magazi.

Ulendo wapitawu mkazi wanga anabwera ndi mwana. Mwanayo anaika manja pa waya wotchinga uja, ine n'kuona zala zake. Zazitali, zopindikira kunsonga. Zanga zomwe, za abambo zomwe. Anandiuza monyadira kuti zipi ya chikwama cha mnzake itakanirira, anaikonza ndi pini. Ndinaseka, koma tsopano sindikusekanso. Ngati zili mwa iye zagona, ine ndisakhale wozidzutsa. Akule osandiona, mwina mabuleki ake angalimbe.

Choncho kunyumba sindibwera. Pali mnzanga muno amene akutuluka mwezi womwewo, akuti kwawo kuli ntchito yonyamula katundu. Ndi kutali. Ndamuuza mkazi wanga kuti asabwerenso ndi mwana, ndipo akafuna amulembetse kusukulu ndi dzina la kwawo. Mzime mumuuze kuti shopu ya makiyi si malo oikapo munthu ngati ine.

Musadandaule. Mwandithandiza.

Mlongo wanu


9 Meyi

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa amayi anandilera bwino, koma mtima wanga suli pa moni. Lamba wafika, makina akuyenda, zikomo.

Munawalembera chiyani achimwene? Mlamu wathu anapita kukawaona Loweruka, achimwene anakana kutuluka kudzaonana naye. Anangotumiza kapepala koti achemwali aakulu afotokoza zonse, ndi za m'magazi. Mayiyo anabwera kushopu maso ali psuu, anakhala pa bokosi lanu lija, makasitomala n'kumadutsa cham'mbali. Mwana akufunsa kuti adadi alakwiridwa chiyani. Ndimuyankhe kuti chiyani? Kuti azakhali ake amene amakolopa pafupi ndi madokotala asanduka dokotala?

Inu mumapemphera kuposa tonse m'banja muno. Munatiphunzitsa kuti munthu amatha kutembenuka. Lero mwapeza chimakina cha mgolo, mwasintha nyimbo? Ndipo ngati ndi magazi, ine ndi inu tinabadwa kwa yani? Ine ndimagwira makiyi a theka la tauni ino, sindinalowepo m'nyumba ya munthu. Inu ndiye simunabepo ngakhale shuga. Bwanji magaziwo anasankha mmodzi?

Amayi nditawawerengera kapepalako sanalire. Anapita kukachotsa kiyi wa achimwene pa msomali, anamupukuta, anamubwezera. Kenako anati, "Mulembere mkulu wako, umuuze kuti ndikudikirabe funso lake." Sindikudziwa kuti mukubisirana chiyani awirinu, koma kwatsala miyezi itatu. Konzani zimene mwaononga.

Mzime


18 Juni

Amayi, mlongo wanga, ndi iwe Mzime,

Kalatayi ndalemba ziwiri zofanana. Ina yapita kundende. Inayi, Mzime, uwawerengere amayi yonse, usadumphe mzere ngakhale umodzi. Ndikhulupirira muli moyo nonse. Ine thupi lili bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndalemba n'kung'amba kasanu.

Mwezi watha dokotala wamtali uja anapempha antchito amene angafune kuti ajambulidwe. Amafuna ubongo wa anthu wamba, osapalamulapo, woti azifananitsa ndi wa akaidi. Ndinalembetsa. Anandipatsa fomu. Panali funso loti, kodi munachitapo mlandu woti mukanamangidwa nawo? Ndinachonga kuti ayi. Bodza limeneli ndinalizolowera.

Ndinavula kiyi wanga, ndinagona pa kabedi kaja, chimakina n'kuyamba kugogoda. Mukudziwa chimene ndinkapempha mmenemo? Ndinkati, Ambuye, apeze banga. Apeze kuti mabuleki anga ndi ofooka. Patapita masiku dokotala anandiitana, anandionetsa chithunzi, akumwetulira. Anati, "Mayi, ubongo wanu uli bwinobwino." Anauika m'gulu la anthu osalakwa. Ndinamufunsa ngati chithunzi chingamuuze kuti uyu ndi wakuba. Anaseka, anati, "Ayi. Tikaunjika anthu mazana timaona kusiyana pang'ono pakati pa magulu. Koma mutandipatsa chithunzi chimodzi, sindingadziwe ngati mwini wake ndi wakuba kapena m'busa. Za kumtundu nazonso sizigamula zokha, zimadalira kuti mwana wakula bwanji, anthu amuchita zotani." Amayi, mawu amenewa ankawanena kuyambira kale kwa ophunzira ake, ine ndikukolopa pomwepo. Ndinkatola theka limene ndinkalifuna, linalo n'kulisiya pansi.

Ndinalifuniranji thekalo? Nachi chifukwa chake.

Kiyi amene anatsegula nyumba yosungiramo nsalu ija, amene anamangitsa abambo, sanadule iwo ayi. Ndinadula ndine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mukumukumbukira mnyamata wa njinga yamoto amene ankaima pa ngodya, wa jekete lachikopa? Ankanditchula kuti mmisiri wokongola. Palibe anali atanditchulapo wokongola. Tsiku lina masana, abambo atapita kukakonza loko kusukulu, anabwera ndi sopo wodindidwa kiyi. Anati ndi wa nyumba ya azakhali ake. Ndinadziwa kuti akunama. Abambo anali atatiuza kambirimbiri kuti kiyi wa pa sopo sadulidwa. Palibe mabuleki amene anakanika. Ndinaima, ndinaganiza, ndinayang'ana kumsewu ngati kukubwera munthu, kenako ndinatenga kiyi wosadula pa msomali, wodinda kale kanyenyezi. Woyamba ndinalakwitsa dzino limodzi. Wachiwiri anatheka. Ndinanyadira.

Anaba Lamlungu masana, ine ndikuimba kwaya. Kiyi anakanirira pa loko, anamusiya pomwepo, mnyamatayo osaonekanso. Lachiwiri apolisi anabwera ndi kiyiyo m'kathumba. Ndinali pakhomo la kuseri, mbale m'manja. Abambo anamutembenuza, anamuyang'ana nthawi yaitali, anati, "Kanyenyeziko ndi kanga. Ndinadula ndine." Ndinaganiza kuti asokoneza ndi makiyi mazana amene ankadula, ndipo ndinathokoza Mulungu kuti sanadziwe. Taonani pemphero langa loyamba lalikulu.

Anakhala zaka zinayi. Anatuluka ndi chifuwa chimene chinawatenga chaka chotsatira. Ine ndinamaliza sukulu, ndinakhala mtsikana wabwino wa m'banja la wakuba. Mlongo wanga, aphunzitsi akamakhuthula chikwama chako ndinkamva, n'kukupukuta misozi, n'kukuuza kuti upemphere. Kiyi amene ndimavala m'khosi, amene nonse mumati ndi chikumbutso cha abambo, ndi woyamba uja, wolakwika dzino.

Kukwatiwa ndinakana kawiri, n'kumati ndadzipereka kwa Ambuye. Ndinkaopa kubala mwana wondifanana. Ndipo nditamva za magazi ndinakondwa, chifukwa ngati ndi matenda ndiye si tchimo, ndipo matenda salapidwa pamaso pa anthu. Ndinakulembera iwe, mlongo wanga, kuti ndidzitonthoze ndekha.

Mlongo wanga, abambo ako sanabe kanthu moyo wawo wonse. Magazi a wakuba amene ukuthawitsa mwana wako kulibe. Ngati alipo wakuba woyamba m'banja muno, ndi amene madokotala amuika m'gulu la oyera. Ndapita kale kwa dokotala kukamuuza kuti achotse chithunzi changa, chifukwa pa fomu ija ndinanama.

Sindikupempha kuti mundikhululukire. Ndikungopempha kuti iwe mlongo wanga upite kunyumba.

Amayi, funso langa ndi ili: ndingakutchulenibe amayi?

Namanzere


10 Julayi

Achemwali, ndine Mzime. Amayi akhala pa bokosi lanu, akuti ndilembe mmene akunenera. Zanga ndidzanena tsiku lina, panopa sindingathe. Kalata yofanana ndi iyi ndikapereka ndekha kundende mawa.

Mwana wanga Namanzere,

Moni. Bondo likupweteka koma ndikuyenda. Funso lako ndi lopusa, unatuluka m'mimba mwanga, uzinditchula chiyani? Funso limene ndinkadikira si limenelo. Ndinkadikira undifunse ngati bambo ako ankadziwa.

Ankadziwa. Iwe ukuganiza kuti munthu wodula makiyi zaka makumi awiri angasokoneze ntchito yake ndi ya wina? Wamanja akamapala ndi tupa, timizere timapendekera mbali imodzi. Wamanzere timapendekera mbali inayo. Anangotembenuza kiyi uja kamodzi, anaona dzanja lako ngati waona nkhope yako. Nthawi yaitali imene unaona akumuyang'ana, sankafufuza ayi. Ankaganiza chochita.

Anandiuza tsiku loyamba limene ndinakawaona kundende. Anati, "Mtsikanayu akalowa kuno ali ndi zaka khumi ndi zisanu, watha. Ine ndine wamkulu, zaka zinayi ndipirira. Usamuuze kuti ndikudziwa, angasiye sukulu ndi manyazi. Adzanena yekha akadzakula." Anandilumbiritsa. Atatuluka ankakuyang'ana ukamawapatsa madzi, kudikira. Pomwalira anati, "Musamukakamize." Ndiye ndadikira zaka makumi atatu. Wachedwa, mwana wanga, koma wafika.

Tsono usatenge mtolo wonse wekha, chifukwa wina ndi wanga. Ine ndi bambo ako tinawerengera za mwana mmodzi, tinaiwala kuti pali wina wa zaka zisanu ndi zitatu amene akumva zonse. Mnyamatayo ankabwera kuchokera kusukulu akulira kuti amutcha mwana wa wakuba, ine ndikudziwa kuti si zoona, n'kumangomuuza kuti asawamvere. Mawu anayi okha akanakwana: bambo ako sanabe kanthu. Sindinawanene, kuopa kuti andifunsa kuti nanga anadula ndani. Mlongo wako atamangidwa koyamba, anthu a mumsewu ankati watengera, ine n'kugwedeza mutu. Ndinatchinga mwana mmodzi ndi mnzake. Zimenezo palibe makina amene angazijambule.

(Apa amayi anasiya kaye, anapempha madzi.)

Iwe mwana wanga wamwamuna, poti kalatayi uiwerenganso, tamvera. Zala zako ndi za bambo ako, inde. Zala zimenezo zinatidyetsa, zinatsegulira anthu amene anadzitsekera kunja, zinakupangira galimoto ya maloko. Galimotoyo ilipo, ili m'sutikesi yanga, teyala limodzi linasowa. Zimene unachita nazo zalazo unachita ndiwe, ndipo zimene uchite nazo mawa uchitanso ndiwe. Ine ndakalamba, sindikwera basi kukakusaka kumalo onyamula katundu. Kiyi wako ali pa msomali woyamba.

Namanzere, bwera chaka chino, usatumize katundu. Ndikufuna ndikutukwane pamaso, kenako udye.

Ndine mayi wanu nonse.

(Achemwali, ndine Mzime kachiwiri. Ndatenga makiyi akale m'bokosi la pansi pa tebulo, ndawayang'ana padzuwa. Ndi zoona. Ena timizere tapita uku, ena uku. Anu alipo khumi ndi anayi, abambo anawamanga pawokha ndi kachingwe.)


2 Ogasiti

Achemwali,

Moni. Ndili bwino.

Kalata yanu ndinaing'amba nditangomaliza. Kenako ndinatola zidutswa, ndinaziyala pa bulangeti, ndinawerenganso. Anzanga muno ankati ndapenga. Ya amayi sindinaing'ambe.

Sindinakukhululukireni. Mwina chaka chamawa, mwina ayi. Musanditumizire mavesi ondifulumizitsa. Zaka makumi atatu ndinkadana ndi abambo mwakachetechete. Pamaliro awo sindinalire, munaona nokha. Ndalira sabata yathayi, munthu wa imvi m'ndevu, anthu makumi anayi akuonerera.

Koma nanunso musadzikweze. Nyumba khumi ndi ziwiri ndinathyola ndine. Simunandigwire dzanja, abambo sanandigwire, mabuleki sanaduke. Paliponse ndinkaima kaye pakhomo n'kumvetsera, monga munaimira inu ndi sopo uja. Ndiye ngati ndinkatha kuima, ndingathenso kubwerera.

Mkazi wanga anabwera ndi mwana Loweruka. Ndinatuluka kukawaona. Mwanayo anaikanso manja pa waya, ndinamuuza kuti zala zimenezo ndi za agogo ake, ndipo nkhani yawo ndidzamuuza ndekha, yonse, tili pa bokosi lija. Anafunsa ngati ndi yoopsa. Ndinati ndi yaitali.

Kiyi wa m'khosi mwanuyo musamutumize. Mubwere naye nokha. Ndikufuna ndione timizere timene abambo anaona, inu mutaima pomwepo.

Mzime ndamulembera kale kuti pa 14 asabwere kudzanditenga, njira ndikuidziwa. Ndamuuzanso kuti kiyi wa pa msomali woyamba akhale kaye pomwepo. Ndikafika ndidzagogoda.

Mlongo wanu